Tizilombo ta m'mahewu tangoima n'kumanjenjemera pa maikulosikopu: kodi tafa?

Chikondi, Highfield:
Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni maganizo. Mahewu a ufa wa chimanga, magalamu 90 pa lita imodzi ya madzi, phala litaphikidwa n'kuzizira, kenako chimera cha mawere, amene kuno ku Harare amati rukweza kapena rapoko. Patatha maola 6, pH (muyezo wa asidi, ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) ili pa 5.6, ndipo pa maikulosikopu yokulitsa ka 400 (400x) pakuoneka tizilombo tonga timitengo tothamanga kudutsa malo onse oonekawo. Patatha maola 24, pH yafika 3.7, kuwawasa kwake kuli bwinobwino, tizilombo tachuluka kwambiri, koma palibe kakuyenda. Tonse tangoti njenjenje pamalo amodzi. Kodi ndiye kuti tafa ndi asidi? Pafunika kuwonjezera chimera?

A Phiri, Mbare:
Musawonjezere kanthu, mwana wanga. Zimene mwaonazo ndi mmene mahewu abwino amayenera kuonekera. Mabakiteriya amene amasasitsa phala, otchedwa a lactic, monga Lactobacillus, Lactococcus, Leuconostoc, Weissella ndi Pediococcus, pafupifupi onse alibe timichira tosambirira. Sayenda ali moyo, sayenda atafa. Tothamanga timene munationa pa maola 6 n'timene simukutifuna: a gulu la Enterobacter ndi anzake ochokera ku chimera, m'manja ndi m'ziwiya, komanso Bacillus. Asidi akakwera amenewo amaleka kusambira, ndipo ambiri amatha. Choncho kuleka kwa mpikisano uja ndi nkhani yabwino.

Pa silaidi pamakhala mayendedwe atatu, ndipo muyenera kuwasiyanitsa.

Koyamba ndi kunjenjemera kwa pamalo amodzi, kumene Robert Brown anakuona mu 1827. Kachinthu kalikonse kochepa ngati micron imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) kamakankhidwakankhidwa ndi madzi enieniwo. Kanyenyeswa ka ufa kamatero, kabakiteriya kakufa kamateronso. M'masekondi 10 kamangosuntha ma micron anayi kapena asanu, popanda kolowera.

Kwachiwiri ndi kutengeka ndi madzi. Mukaona zonse, tizilombo ndi zinyalala zomwe, zikupita mbali imodzi pa liwiro limodzi ngati masamba mumtsinje, amenewo ndi madzi akuyenda chifukwa m'mphepete mwa kagalasi kovundikira mukuuma kapena tebulo lapendekeka.

Kwachitatu ndiye kusambira kwenikweni. Kamodzi kalowera uku, kena uko, kena kakutsutsana ndi madzi. E. coli amayenda ma micron 20 mpaka 30 pa sekondi, amawongoka kwa sekondi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, n'kugubuduka, n'kulowera kwina. Pa lenzi ya 40x, malo amene mumaona amakhala pafupifupi ma micron 450 m'lifupi, ndiye kosambira kamadutsa gawo lalikulu mukuyang'ana.

Chikondi, Highfield:
Zikomo a Phiri. Nanga munthu angatsimikize bwanji kuti kunjenjemerako si moyo?

A Phiri, Mbare:
Gawani sampulo pawiri. Theka liikeni m'kabotolo, mulimize m'madzi owira kwa mphindi 10, lizizire. Konzani masilaidi awiri mofanana n'kuyang'ana. Ophedwawo azinjenjemerabe chimodzimodzi. Maso akazolowera kunjenjemera kwa akufa, simudzasokonezekanso.

Yamikani, Dzivarasekwa:
Njira yachidule si utoto wa methylene blue? Akufa amakhala a buluu, amoyo amakhala oyera. Mphindi zisanu mwathana nazo.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Ayi achimwene, pamenepo pali msampha. Njira imeneyo ndi ya yisiti. Yisiti yamoyo imausintha utotowo n'kuuchotsa mtundu, yakufa imalephera n'kukhala ya buluu. Kwa mabakiteriya pa maikulosikopu wamba, methylene blue amangopaka onse, amoyo ndi akufa, ndipo n'chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito powerenga chiwerengero chonse cha mumkaka. Komanso kanthu ka micron imodzi simungakaweruze ndi maso kuti aka ndi ka buluu wowala, aka ndi ka buluu wakuda.

Kwa amene akuyeza yisiti ya mowa wa masese kapena ya thobwa logonera, kasakanizidwe kake ndi aka: magalamu 0.01 a methylene blue, magalamu 2 a sodium citrate, madzi osungunulira mpaka mamililita 100. Sakanizani muyezo umodzi wa utoto ndi umodzi wa sampulo yosungunula kale, dikirani mphindi ziwiri mpaka zisanu, werengani. Mukachedwa kwambiri, zamoyo zomwe zimayamba kuda. Kamphukira kakang'ono kamene kadakali pa mayi wake nthawi zina kamaoneka ka buluu ngakhale kali moyo, choncho ngati mayiyo ndi woyera musakawerengere kwa akufa. Ndipo dziwani kuti yisiti ikafooka kwambiri, zamoyo zikatsika pansi pa 85 kapena 90 pa 100 zilizonse, njirayi imakunamizani, imaonetsa zamoyo zambiri kuposa zimene zilipo.

Yamikani, Dzivarasekwa:
Ndamva mayi, ndinasakaniza ziwirizi. Ndiye kwa mabakiteriya tipange bwanji?

Mayi Nabanda, Mufakose:
Pali njira zitatu, ndipo zimasiyana mtengo. Yodula ndi ya utoto wowala mumdima, SYTO 9 ndi propidium iodide. Woyambayo amalowa m'maselo onse n'kuwala mobiriwira, wachiwiriyo amangolowa mwa amene khungu lawo laboola n'kuwala mofiira. Mumathira mamaikulolita 3 (maikulolita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mililita) a utoto wosakaniza pa mililita imodzi, mphindi 15 mumdima, kenako pa maikulosikopu ya fluorescence, yoonera utoto wowala. Koma sampulo ya mahewu muyambe mwaitsuka m'madzi a mchere, chifukwa asidi ndi ufa zimasokoneza kuwala. Ndipo utotowu umangonena za khungu la selo. Kabakiteriya kovulala ndi asidi kangathe kufiira koma n'kudzachira kakapeza chakudya chatsopano, kena n'kubiriwira koma osaberekananso. Utotowu usungidwe mu firiza komanso mumdima, ndiye ndi kuthimathima kwa magetsi kwa kuno muganize kawiri musanaugule. Propidium iodide amagwira DNA, muzivala magolovesi.

Yachiwiri ndi mbale za MRS agar, chakudya cholimba chomeretsera mabakiteriya a lactic, pa madigiri 30, maola 48 mpaka 72, m'chitini chotseka choyatsamo kandulo kuti mpweya uchepe. Mumawerenga mbale ya ma colony, timilu ta mabakiteriya tooneka ndi maso, pakati pa 30 ndi 300. Imeneyi ndiyo imanena zoona za amene angathe kuberekana, koma yankho limabwera mahewu atamwedwa kale.

Yachitatu ndi imene ndimailimbikitsa kwa amene ali ndi maikulosikopu wamba. Sungunulani MRS agar, dontheza pang'ono pa silaidi yowiritsa kuti pakhale kansalu kopyapyala, ikauma ikani kadontho ka sampulo yosungunula kwambiri, vundikirani, ndipo muiike m'mbale yotseka yokhala ndi thonje lonyowa pa madigiri 30. Yang'anani patatha maola 4 mpaka 6. Kamene kali moyo kamakhala katasanduka kagulu ka maselo anayi, asanu ndi atatu kapena kuposa. Kakufa kamakhala kokhakokha mmene munakasiyira. Werengani malo 200, mugawe chiwerengero cha timagulu ndi 200 kuti mupeze gawo la amoyo. Chovuta chake n'chakuti mukathira tambiri timagulu timakumana, osadziwanso kuti kayamba ndi kati.

A Mwale, Glen Norah:
Ndikugwirizana ndi a Phiri, koma pali mawu amodzi amene ndikufuna tiwakonze, chifukwa wina angawatenge molakwika. Kuleka kusambira si umboni wakuti chakumwacho n'chotetezeka. Timichira ta mabakiteriya timazungulira ndi mphamvu ya ma proton odutsa pakhungu la selo, ndiye asidi wa lactic akalowa mkati injiniyo imaima msanga, kachilomboko kasanafe. E. coli O157:H7 amadziwika kuti amapirira asidi, angathe kukhala moyo kwa masiku pa pH yochepera 4. Ndipo ena oopsa sasambira n'komwe chibadwire: Shigella, Klebsiella, Staphylococcus aureus. Staphylococcus pa 400x angakunamizeni kuti ndi Pediococcus, onse ndi timipira tounjikana.

Chinanso ndi malire a maso. Tiyeni tiwerengere. Mamaikulolita 10 pansi pa kagalasi ka mamilimita 22 mbali zonse amapanga madzi okhuthala pafupifupi mamilimita 0.02. Malo amodzi oonekera pa 40x amakhala ndi madzi ochepa kwambiri moti kachilombo kamodzi pa malo alionse kakutanthauza pafupifupi 300,000 pa mililita. Mukasungunula kakhumi, ndiye 3 miliyoni. Tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba sitifunika kufika pamenepo kuti tidwalitse mwana. Choncho maikulosikopu ikakuonetsani zosambira, vuto lilipo ndithu. Ikapanda kukuonetsani, sinanene kanthu za chitetezo.

A Phiri, Mbare:
Mwakonza bwino a Mwale, ndipo ndikuvomera. Ndionjezere mbali inayo: si chosambira chilichonse chili mdani. Pali mabakiteriya a lactic ochepa okhala ndi timichira, monga Ligilactobacillus agilis ndi ena a Liquorilactobacillus. Mayina amenewa anabwera mu 2020 pamene gulu la Lactobacillus linagawidwa, n'chifukwa chake plantarum masiku ano amalembedwa Lactiplantibacillus plantarum ndipo fermentum ndi Limosilactobacillus fermentum. Koma m'phala la chimanga, mukaona zosambira zambiri, yambani mwaganiza za oipawo. Kuyesa kwake n'kotchipa. Tengani colony, muiike pa dontho la hydrogen peroxide wa 3%. Ikachita thovu ndi Bacillus, Staphylococcus kapena a gulu la Enterobacter. Mabakiteriya a lactic sachita thovu. Kenako colony ina muitakase m'dontho la KOH wa 3% kwa masekondi 30 mpaka 60, mukweze waya pang'onopang'ono. Ikatuluka ulusi wonanda ngati therere, ndi Gram negative, mtundu umene muli a gulu la Enterobacter, osati a lactic.

Tadala, Epworth:
Pepani kulowerera. Vuto limene ambiri amakumana nalo ndi lakuti pa silaidi ya mahewu sipaoneka kanthu koma chifunga cha ufa. Mukonza bwanji sampulo?

A Mwale, Glen Norah:
Funso labwino, chemwali, chifukwa apa ndi pamene ntchito imaonongekera. Mahewu osasungunula musawaike pa silaidi.

Takasani chidebe chonse kaye, chifukwa pamwamba ndi pansi sipafanana. Tengani mililita imodzi muthire m'mamililita 9 a madzi a mchere, magalamu 8.5 a mchere pa lita, owiritsa n'kuzizira. Gwedezani kwa theka la mphindi, muike pansi mphindi ziwiri kapena zitatu kuti zinyenyeswa zikuluzikulu zikhazikike, ndipo mutenge dontho cha pakati, osati pansi. Pa maola oyambirira kusungunula kakhumi n'kokwana. Pa maola 24, pamene tizilombo tingafike mamiliyoni mazanamazana pa mililita, sungunulani ka 100.

Madziwo muwayang'ane okha pa silaidi musanathiremo kanthu. Madzi a pa mjigo kapena a m'thanki osawiritsa amakhala ndi zosambira zawozawo, ndipo mudzanamizira mahewu. Madzi a pampopi okhala ndi chlorine angathe kuimitsa zosambira zimene mumafuna kuona. Madzi opanda mchere konse nawonso amadzidzimutsa maselo.

Kusiyanitsa zinthu: njere za starch wa chimanga zimene sizinapse ndi zazikulu, ma micron 10 mpaka 20, zamakonamakona. Yisiti ndi ya ma micron 5 mpaka 10, yozungulira ngati dzira, nthawi zambiri ili ndi kamphukira. Mabakiteriya ndi pafupifupi micron imodzi m'lifupi. Mukakayikira, ikani kadontho ka ayodini m'mphepete mwa kagalasi. Starch amada bii, yisiti imangokhala yachikasu kapena yofiirira. Koma ayodini amapha, ndiye zoyenda muziyang'ane kaye.

Langizo limodzi limene anthu amaliiwala: kusungunula m'madzi a mchere kumachepetsa asidi, ndipo tizilombo tina timene tinaima tingayambenso kusambira patapita mphindi zingapo. Mukaona zimenezo pa sampulo ya maola 24, mwapeza umboni wa zimene ndanena pamwambapa, kuti anangoima, sanafe.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Kwa a mkaka wosasa, chambiko kwathu, kuno amati lacto kapena hodzeko, chifunga chake ndi casein (puloteni ya mkaka) ndi mafuta. Sungunulani mu sodium citrate wa 2% wofunda, mkaka umayera n'kuoneka bwino. Mu yogati muyembekezere mikanda ya Streptococcus thermophilus ndi timitengo titalititali ta bulgaricus. Timitengo tikachuluka kwambiri kuposa mikanda, mkakawo wakhalitsa pofunda ndipo uwawasa mopitirira.

Tadala, Epworth:
Nanga njira yoonera zosambira m'dontho lolendewera pa silaidi yokumbika, dontho limeneli likufunikadi? Masilaidi okumbika pakati ndi ovuta kuwapeza.

A Phiri, Mbare:
Ndi labwino koma silokakamiza. Kapangidwe kake: pakani Vaseline pang'ono m'makona anayi a kagalasi kovundikira, ikani kadontho kakang'ono pakati pake, gwetsani silaidi yokumbika mozondotsa kuti imatirire, tembenuzani msanga. Dontho lizilendewera osakhudza pansi. Yambani ndi 10x, mupeze m'mphepete mwa dontho, kenako 40x. M'mphepetemo ndi mopyapyala komanso muli mpweya, zosambira zimasonkhana mmenemo. Dontho likakula limagwedezeka ndipo lenzi siifika pakati pake.

Popanda silaidi yokumbika, jambulani mpanda wa Vaseline pa silaidi wamba ndi kamtengo ka machesi, dontho pakati, vundikirani mosakanikiza. Mpandawo umaletsa kuuma, ndiye kutengeka ndi madzi kumatha. Muyang'ane mkati mwa mphindi zisanu kapena khumi. Mukachedwa mpweya umatha pansi pa galasi, ndipo okonda mpweya amaima, kupatula amene ali pafupi ndi kathovu.

Za kuwala: mabakiteriya osapaka utoto ndi oonekera ngati madzi. Mukatsegula kuwala konse simuona kanthu. Tsekani kachitseko ka condenser, galasi lolunjikitsa kuwala pansi pa silaidi, mpaka pafupifupi theka kapena kupitirira, muone timitengo tikutulukira. Amene ali ndi maikulosikopu ya phase contrast, yoonetsa bwino zosapaka utoto, agwirizanitse mphete ya Ph2 ndi lenzi ya 40x yolembedwa Ph2. Amene alibe, dulani kapepala kakuda kozungulira, mumate pakati pa galasi la fyuluta pansi pa condenser, mutsegule kachitseko konse. Kumbuyo kumada, tizilombo timawala ngati nyenyezi. Kukula kwa kapepalako muyese kangapo, ndipo pa 10x ndi 20x zimatheka mosavuta kuposa pa 40x. Kagalasi kovundikira kakhale ka nambala 1.5, mamilimita 0.17, chifukwa lenzi ya 40x inapangidwira kukhuthala kumeneko. Mukamatiza tiwiri mosadziwa, chithunzi sichigwira ngakhale mutapotokola bwanji. Mafuta a lenzi ndi a 100x yokha. Akakhudza 40x pukutani pomwepo ndi pepala la malenzi.

Yamikani, Dzivarasekwa:
Pa nkhani yowerenga, Neubauer, silaidi ya timabokosi yowerengera maselo a magazi, ingagwire?

A Mwale, Glen Norah:
Ya yisiti imagwira bwino kwambiri. Kuya kwake ndi mamilimita 0.1. Pa bwalo lapakati la timabokosi 25, werengani tisanu, ta m'makona tinayi ndi kapakati. Chiwerengerocho muchulukitse ndi 5, kenako ndi 10,000, kenako ndi kusungunula kwanu. Mwachitsanzo maselo 120, sampulo yosungunula kakhumi: 120 kuchulukitsa 5, 10,000 ndi 10, ndi 60 miliyoni pa mililita. Za pamzere muziwerenga za kumwamba ndi kumanzere zokha.

Kwa mabakiteriya ndi yakuya kwambiri, ena amakhala pamwamba ena pansi, lenzi singawagwire onse. Yawo ndi silaidi ya Petroff-Hausser, yakuya mamilimita 0.02. Ngati palibe, njira ya Breed ndi yokwana: mamililita 0.01 muwapake pa sentimita imodzi mbali zonse, ziume, muumitse ndi moto pang'ono kapena methanol, methylene blue mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako 100x ndi mafuta. Ngati diso la maikulosikopu lalembedwa 18, malo oonekera ndi mamilimita 0.18, ndipo kachilombo kamodzi pa malo alionse ndi pafupifupi 400,000 pa mililita. Werengani malo osachepera 20 mutenge pakatikati. Musadabwe chiwerengerochi chikaposa cha pa mbale ya agar. Maikulosikopu imawerenga ndi akufa omwe, komanso mkanda wa maselo khumi pa agar umatulutsa colony imodzi yokha.

Chikondi, Highfield:
Ndiye munthu aziyang'ana nthawi ziti, ndipo chizindikiro choti zalakwika ndi chiti?

A Phiri, Mbare:
Pa ola 0, 6, 12, 18 ndi 24, ndipo nthawi iliyonse mulembe zinthu zitatu limodzi: kutentha kwa phala, pH, ndi zimene mwaona. Chithunzi chopanda pH sichinena kanthu. Amene ali ndi burette, chubu cha muyezo chodonthezera mankhwala, ayezenso asidi: mamililita 10 a sampulo, madontho awiri kapena atatu a phenolphthalein, NaOH wa 0.1 N mpaka kufiirira pang'ono. Mamililita amene mwathira muchulukitse ndi 0.09, mupeza peresenti ya lactic acid. Mahewu okhwima amakhala cha pa 0.4 mpaka 0.5, pH cha pa 3.5.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi phala lochedwa kusasa. Cholinga n'chakuti pH itsike pansi pa 4.5 msanga, kenako pansi pa 4. Mu Okutobala kuno zimayenda zokha. Mu Juni ndi Julayi, usiku kukazizira pansi pa madigiri 10, chidebe chosafunditsa chimakhala pa pH 5 ndi kupitirira kwa nthawi yaitali, ndipo m'maola amenewo oipa aja amaswana. Mukaona zosambira zikadali zambiri pa maola 18 pH ili pamwamba pa 4.5, mahewu amenewo musapatse ana. Mankhwala ake ndi kufunditsa chidebe kuti chikhale cha pa madigiri 30, ndi kuthirako mahewu abwino a dzulo, gawo limodzi pa magawo 10 kapena 20, kuti a lactic ayambe ali ambiri.

Samalaninso ndi kuzizira kwa silaidi yeniyeniyo. Galasi lozizira la m'mawa wa Julayi limafooketsa kusambira, ndiye mungaganize kuti zonse zili bwino. Lifunditseni m'manja kapena pa chivundikiro cha madzi ofunda kaye. Nyale ya halogen imachita zosiyana, imatenthetsa ndi kuumitsa dontho, choncho muzizimitsa mukasiya kuyang'ana.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Pa Bacillus tisadutsepo mothamanga. Anthu amati phala linawira ndiye zonse zinafa. Ma spore a Bacillus cereus, timbewu take tolimba, safa ndi kuwira wamba, ndipo Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, madzi amawira cha pa madigiri 95. Phala likamazizira pang'onopang'ono m'chidebe chachikulu, ma spore amadzuka opanda wopikisana naye. Pa maikulosikopu ndi timitengo tonenepa, totalika ma micron 3 mpaka 5, nthawi zambiri tolumikizana, toyenda mwaulemu osati mothamanga ngati Enterobacter. Pa phase contrast spore imawala mbee mkati mwa kamtengo. Poizoni wake wosanzitsa akapangika sathanso ndi moto. Choncho phala ligawidwe m'ziwiya zosaya kuti lizizire msanga, ndipo chimera kapena mahewu a dzulo alowe likangofika pofunda, osati kuligoneka lopanda kanthu mpaka m'mawa.

Mahewu akayamba kunanda ngati therere, kawirikawiri ndi Leuconostoc kapena Weissella akupanga dextran, chinthu chonanda, kuchokera ku shuga amene wathiridwa msanga. Pamenepo ngakhale kunjenjemera kuja kumachepa chifukwa madzi alemera. Shuga azithiridwa pomwa.

Tadala, Epworth:
Foni ingathandize kujambula?

Yamikani, Dzivarasekwa:
Kwambiri. Imangirireni pa diso la maikulosikopu ndi chogwirira, chifukwa dzanja limanjenjemera kuposa tizilombo. Tsekani focus ndi kuwala kwa foni kuti zisamasinthe zokha, jambulani masekondi 10 pa mafelemu 30 pa sekondi. Jambulaninso stage micrometer (silaidi yokhala ndi rula yaing'ono), kapena mizere ya Neubauer imene timabokosi take tating'ono ndi ma micron 50, pa lenzi yomweyo osasintha zoom. Pa kompyuta pulogalamu yaulere ya Fiji ili ndi TrackMate yolondola kachilombo kalikonse. Njira ya konjenjemera imaoneka ngati ulusi wopiringizika pamalo amodzi, ya kosambira ndi mzere wautali wokhotakhota, ya kutengeka ndi madzi ndi mizere yambiri yoyang'ana kumodzi.

Chikondi, Highfield:
Zikomo kwambiri nonse. Chimera sindiwonjezera. Ndiyamba ndi sampulo yowiritsa ija ndi agar wa pa silaidi. Masilaidi ogwiritsa kale ntchito ndizitani nawo?

A Phiri, Mbare:
Muziwaponya m'chitini cha Jik wosungunula, muyezo umodzi wa Jik wa 3.5% pa miyezo 6 ya madzi, akhalemo theka la ola musanawatsuke. Madzi a Jikwo akhale atsopano tsiku lililonse. Mbale za agar zimene zamera ziphikidwe mu pressure cooker mphindi 20 mpaka 30 musanazitaye, ndipo zisatsegulidwe m'chipinda chophikira mahewu. Mvula ikayamba mu Novembala, maikulosikopu muziisunga m'bokosi lotseka lokhala ndi silica gel, chifukwa nkhungu ikamera mkati mwa lenzi imadya galasi. Mukapanga agar wa pa silaidi uja mutitumizire zithunzi ziwiri, cha pa ola 0 ndi cha pa maola 6, pamalo amodzimodzi. Ikani kadontho ka inki pansi pa silaidi kuti mudzapezenso malowo.